Incognito, VPN, Signal kapena kusiyiratu Facebook: njira iti imachepetsadi kalondolondo wa pa foni?

Tengani mafoni a anthu awiri a m'nyumba imodzi, mutsegule TikTok pa onse awiri. Wina mupeza alaliki, maulosi ndi maumboni a machiritso. Winayo mupeza mpira, zobetcha ndi anyamata otukwana andale. Anthuwa amadya nsima ya mumphika umodzi, koma akayamba kukambirana za dziko madzulo mumakhala ngati mukumvera anthu a mayiko awiri. Aliyense amalumbira kuti "anthu onse akunena zimenezi," osadziwa kuti anthu onse akewo ndi amene makina amusankhira.

Pali nkhani ziwiri apa zimene ambiri timaziphatikiza. Yoyamba ndi kalondolondo: ndani akulemba kumene mwapita, zimene mwafufuza, amene mumacheza nawo. Yachiwiri ndi kusankhiridwa: ndani akukonza zoti muone mukangotsegula foni. Ziwirizi n'zapachibale, pakuti yoyamba ndiyo imadyetsa yachiwiri, koma mankhwala ake ndi osiyana. Njira zambiri zimene anthu amauzana zimachiza imodzi, zina sizichiza n'imodzi yomwe. Ndiye poyerekeza njirazi ndiyang'ana zonse ziwiri, komanso chinthu chimene alangizi a kunja saganizira n'komwe: kodi zitheka kwa munthu wodalira bandulo ya WhatsApp ndi Facebook ya sabata imodzi?

Poyamba, amakudziwani bwanji

Ambiri amakhulupirira kuti foni imamvetsera zokamba zawo. Mark Zuckerberg, mkulu wa Facebook, anakana zimenezi pamaso pa aphungu a ku America mu April 2018. Kaya mumukhulupirira kaya ayi, chodetsa nkhawa n'chakuti safunikira n'komwe kumvetsera. Foni iliyonse ya Android ili ndi nambala yakeyake ya otsatsa malonda, imene ma app osiyanasiyana amaiwerenga n'kuzindikira kuti amene akusewera gemu ndi yemwe uja anafufuza mtengo wa feteleza m'mawa. Masamba ambiri a pa intaneti amakhala ndi kachidutswa kobisika ka Meta (kampani ya eni Facebook), kotchedwa Pixel, kamene kamapereka lipoti kuti mwafikako, ngakhale Facebook musanaitsegule tsiku limenelo. Onjezerani malo amene muli, manambala a m'foni mwanu, ndiponso masekondi amene chala chanu chaima pa vidiyo musanapitirire. Chomalizachi n'chimene chimaulula zambiri. Pakamwa munthu anganame, koma kuima kwa chala sikunama.

Kuti zimenezi zimakhudza maganizo si nkhambakamwa. Mu 2012 Facebook inasintha mwadala zimene anthu 689,003 ankaona kwa sabata imodzi, ena kuwachepetsera nkhani zosangalatsa, ena zokhumudwitsa, ndipo zolemba za anthuwo zinapendekera komweko, ngakhale pang'ono. Pa chisankho cha ku America cha 2010, uthenga umodzi wa pa Facebook woonetsedwa kwa anthu 61 miliyoni unachititsa, malinga ndi ofufuzawo, kuti anthu ena pafupifupi 340,000 akavote. Mu 2018 kunaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga zinsinsi za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook; kampani yomweyo inagwirako ntchito pa zisankho za ku Kenya za 2013 ndi 2017. Boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni mu 2019. Ndipo zikalata zimene Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa mu 2021 zinaonetsa kuti panali nthawi imene kankhope kokwiya kaja kankawerengedwa kasanu kuposa "like" posankha zoti anthu aone. Mkwiyo unkalipira.

Incognito: chophimba kumaso chabe

Ndiyambe ndi njira imene ambiri amaidalira pomwe ndi yofooka kuposa zonse. Incognito, njira yotsegulira masamba mobisa imene ili mu msakatuli (app yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome), imangochita chimodzi: siisunga mbiri ya zimene mwatsegula m'foni mwanumo. Ngati mumabwerekana foni ndi amuna anu, akazi anu kapena ana, n'chothandiza ndithu, ndipo kwathu kuno kumene foni imodzi imatumikira banja lonse si chinthu chochepa. Koma tsamba limene mwatsegula likukuonani, kampani ya netiweki ikudziwa kumene mwalowa, ndipo mukangolowa mu akaunti yanu ya Google kapena Facebook, chophimbacho chagwa. Google inazengedwa mlandu ku America pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2024 inavomera kufufuta zolembedwa mabiliyoni zimene inatolera kwa anthu amene ankaganiza kuti abisala. Pa kusankhiridwa zoona mu app, Incognito ilibe gawo lililonse.

VPN: chikomekome cha mkuyu

VPN ndi app imene imabisa kwa kampani ya netiweki kapena mwini Wi-Fi masamba amene mukutsegula, ndipo imabisa kwa masambawo dera lenileni limene intaneti yanu ikuchokera. Ili ndi ntchito yake. Boma likatseka masamba a mchezo, monga zinachitikira ku Zambia pa tsiku la chisankho mu August 2021, anthu amathawira ku VPN. Pa Wi-Fi ya pa hotelo kapena pa sukulu imathandizanso.

Koma taganizirani: mwayatsa VPN, kenako mwatsegula Facebook ndi dzina lanu, chithunzi chanu ndi nambala yanu. Mwabisala kwa ndani? Kuli ngati kuzungulira njira ya kumunda kuti anansi asakuoneni, n'kukafika pa bwalo la amfumu n'kudzitchula dzina. Chinanso, zonse zimene mwabisira kampani ya netiweki mwazipereka kwa mwini VPN, ndipo wa VPN yaulere ayenera kudya penapake. Chitsanzo chosaiwalika ndi Onavo, VPN yaulere imene Facebook inagula mu 2013 n'kumaigwiritsa ntchito poona ma app amene anthu akutsegula. Inachotsedwa mu sitolo ya Apple mu 2018. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwa wa bandulo ya masamba a mchezo pali vuto lina: netiweki ikalephera kuzindikira kuti mukupita ku WhatsApp, bandulo ija singagwire, ndipo mungadabwe mayunitsi atatha. Ine VPN ndimaiika m'gulu la zida za tsiku la mavuto, osati za tsiku ndi tsiku.

Kukonza zoikamo za m'foni: yotopetsa, koma ndi imene ili ndi nyama

Palibe amene amatamanda njira iyi chifukwa palibe amene amapindula nayo kupatula inu. Ndi yaulere, siidya data yambiri, ndipo imatenga madzulo amodzi.

Pa Android, lowani ku Settings, mupeze Google kapena Privacy, kenako Ads, musankhe Delete advertising ID. Nambala ija yolumikiza zochita zanu pa ma app osiyanasiyana ifufutika. Kenako pitani ku Permission manager muone, app ndi app, amene ali ndi chilolezo cha malo amene muli, manambala a anthu, ma SMS, kamera ndi maikolofoni. Mudzapeza zodabwitsa. App ya tochi ikufuniranji manambala a abale anu? Gemu ya ana ikufuniranji kudziwa kumene mumagona? Amene akufunikiradi malo, monga mapu, apatseni chilolezo cha pokhapokha mukuwagwiritsa ntchito.

Ma SMS ndiye musamaseweretse. M'menemo ndi mmene mumalowa mauthenga a ndalama za pa foni ndi manambala achinsinsi otsimikizira akaunti. Ma app a ngongole za msangamsanga anatchuka ku Kenya ndi ku Nigeria ndi khalidwe lokopera manambala onse a m'foni ya wokongola n'kuyamba kutumizira abale ake, abwana ake, ngakhale abusa ake, mauthenga omuchititsa manyazi akachedwa kubweza. Zinafika poti mu 2023 Google inaletsa ma app a ngongole kuwerenga manambala ndi zithunzi za anthu. Lamuloli likukhudza a mu Play Store okha. App imene mnzanu wakutumizirani kuchokera m'foni mwake siidutsa pa chipata chimenecho.

Mu akaunti ya Google muli My Activity, mmene mungazimitse kusunga zofufuza, mbiri ya YouTube ndi maulendo anu, kapena kuuza kuti zizifufutika pakatha miyezi 3. Tsegulaniko kamodzi kokha muone; ena amapeza mndandanda wa zaka, tsiku ndi tsiku, mpaka ola limene anafufuza za matenda amene sanauzepo munthu. Pa Facebook, mu Accounts Centre, muli malo otchedwa Your activity off Meta technologies, osonyeza makampani ndi masamba amene akhala akupereka malipoti a inu. Mungadule chingwe chimenecho. Zimitsaninso kukweza manambala a m'foni, pakuti pamenepo simukupereka chinsinsi chanu chokha, mukuperekanso cha agogo anu amene Facebook sanaionepo.

Umboni woti timabatani timeneti tili ndi mphamvu unachokera kwa Apple. Mu April 2021 ma iPhone anayamba kufunsa munthu ngati akulola app kumutsatira pa ma app ena. Ambiri anakana, ndipo mu February 2022 akuluakulu a Meta anauza eni masheya kuti kusinthako kuwatayitsa madola pafupifupi 10 biliyoni chaka chimenecho. Funso limodzi, ndalama zonsezo. Koma musathamangire kugula iPhone chifukwa cha ichi. Wa Tecno kapena itel akakhala pansi n'kukonza zoikamo zake afika pafupi pomwepo.

Malire a njirayi ndi awa: imachepetsa kutsatiridwa kunja kwa app, koma zimene mukuchita m'kati mwa TikTok, TikTok ikuziona basi.

Kusintha msakatuli

Apa sindichedwapo. Firefox ndi Brave amatsekereza otsatira ambiri popanda inu kuchita kanthu, Safari nayo inayamba kutsekereza ma cookie (tizidutswa tozindikirira amene watsegula tsamba) a makampani ena mu 2020, pomwe Chrome, ya Google, kampani imene imadya za malonda otsatsa, inalonjeza kwa zaka kuti iwachotsa kenako inabwerera m'mbuyo. Kufufuza ndi DuckDuckGo m'malo mwa Google kumachepetsa mbiri imene ikusungidwa, ngakhale pa nkhani za kwathu ndi za m'Chichewa mayankho ake amaperewera nthawi zina. Phindu lina losayembekezeka: tsamba lopanda zotsatsa zambirimbiri limatseguka msanga ndipo limadya data yochepa. Vuto n'lakuti ambiri a ife tsiku lonse timakhala mu ma app atatu, msakatuli timautsegula mwa apo ndi apo. Ndi njira yabwino yotseka khomo limene sitidutsapo kawirikawiri.

WhatsApp, Signal ndi Telegram

Kuyambira 2016 mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, moti kampaniyo singawerenge zimene mwalemba. Loko wake ndi yemweyo wa Signal, app ina ya mauthenga. Kusiyana kuli pa zozungulira uthengawo: WhatsApp, imene Facebook inagula mu 2014, imadziwa nambala yanu, mtundu wa foni, nthawi imene mumalowa, ndi manambala amene mwaipatsa. Mu 2025 inalengezanso zoyamba kuika zotsatsa malonda ku ma Status. Signal imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu limene Brian Acton, mmodzi mwa amene anayambitsa WhatsApp, anathandiza kukhazikitsa mu 2018. Makhoti a ku America ataitanitsa zolembedwa za anthu ena, Signal inali ndi ziwiri zokha zopereka: tsiku limene akaunti inatsegulidwa ndi nthawi imene inalumikizidwa komaliza.

Telegram ndiye anthu amaipatsa ulemu wosayenera. Macheza wamba ndi magulu a pa Telegram alibe loko wa mtundu uja. Amakhala pa makompyuta a kampaniyo. Muyenera kutsegula mwadala Secret Chat, ndipo imeneyo ndi ya anthu awiri okha. Amene anathawa WhatsApp mu January 2021 n'kupita ku Telegram pofuna chinsinsi anatuluka m'nyumba ya chitseko n'kukalowa ya nsalu yotchinga.

Pa pepala Signal yapambana. Koma gulu la mpingo lili kuti? La banki m'khonde, la makolo a kusukulu, la kumudzi lokonza maliro ndi zinkhoswe, la achibale a ku Johannesburg otumiza ndalama? Onse ali pa WhatsApp, ndipo bandulo yotchipa ija siitsegula Signal. Kwa mtolankhani, loya, kapena wogwira nkhani zoopsa, Signal n'njofunika, ndipo akopeko anthu asanu kapena khumi amene amakambirana nawo zozama. Kwa ena tonse, n'kwanzeru kukhalabe pa WhatsApp koma kuyatsa nambala yachinsinsi yachiwiri, kutseka ndi loko zosungidwa za ku Google Drive, ndi kuletsa anthu osawadziwa kutiponya m'magulu.

Ndiye pali ichi, chimene loko aliyense sangachithe. M'gulu la anthu 200, aliyense akuona nambala yanu ndipo aliyense angajambule zimene mwalemba. Ku Malawi anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba ndi mawu a pa magulu a WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 loona za pa intaneti. Palibe makina amene anathyola loko. Ndi wa m'gulu momwemo amene anatulutsa. Ndiponso popeza manambala a foni analembetsedwa ndi chiphaso cha unzika kuyambira 2018, nambala ndi munthu.

Pa kusankhiridwa zoona, WhatsApp imasokoneza nkhani yonse. M'macheza mulibe makina aja osankhira anthu zoona (algorithm), komabe mphekesera zimathamanga kuposa pa Facebook, chifukwa zabwera ndi azakhali kapena a tcheya a mpingo, anthu amene simungawatsutse pagulu. Anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mabodza a kuba ana, kampaniyo inachepetsa kutumiza uthenga umodzi kufika pa macheza 5 okha, pa dziko lonse lapansi kuyambira January 2019, ndipo inaika timivi tiwiri pa uthenga woyendayenda kwambiri. Timivi timeneto muzitiona ngati chikwangwani cha pa mlatho wothyoka.

Kulanda chiwongolero cha zimene mukuona

Mabatani a "sindikufuna izi" alipo, koma musawadalire kwambiri. Mu 2022 bungwe la Mozilla, eni Firefox, mothandizidwa ndi anthu oposa 20,000, linayesa mabatani a YouTube. "Not interested" inaletsa pafupifupi 11 pa 100 ya mavidiyo osafunikawo, "Dislike" 12 pa 100, pomwe kukana tchanelo chonse kunaletsa 43 pa 100. Phunziro lake: kanani gwero, osati vidiyo imodzi. Ndipo chimene chakukwiyitsani musachiyankhe, ngakhale kutukwana. Makina sasiyanitsa kukonda ndi kudana, amangoona kuti mwaima.

Njira yamphamvupo ndi kusiya tsamba loyamba limene app yakukonzerani. Facebook ili ndi Feeds, mmene zolemba za anzanu ndi masamba amene mumatsatira zimabwera motsatana ndi nthawi. Instagram ndi TikTok ali ndi Following. Pa YouTube, mukazimitsa mbiri n'kuifufuta, tsamba loyamba limangoti mbee, ndipo mumayamba kufufuza chimene mwabwerera. Ma app amenewa amakonda kubwerera ku zawo mukatseka, choncho ndi chizolowezi choti muchiphunzire, osati batani lodina kamodzi.

Pano ndiyenera kunena chinthu chosakomera mfundo yangayi. Ofufuza amene anagwira ntchito ndi Meta pa chisankho cha ku America cha 2020 anasinthira anthu masauzande ku mndandanda wa nthawi kwa miyezi itatu. Zotsatira, zofalitsidwa mu 2023, zinaonetsa kuti anthuwo anachepetsa nthawi yokhala pa app, koma maganizo awo a ndale sanasinthe kwenikweni, ndipo nkhani zochokera ku magwero osadalirika zinawonjezekako. Tanthauzo lake kwa ine ndi ili: mukachotsa makina, otsala ndi anthu ndi masamba amene munasankha nokha, ndipo ngati onsewo ndi a nyimbo imodzi, mumvabe nyimbo imodzi. Makina amakokomeza, koma mbewu timadzala tokha. Choncho njirayi imagwira pokhapokha mwatsatira mwadala nyumba zofalitsa nkhani zingapo zosagwirizana, ndi anthu awiri atatu anzeru a mbali imene simuikonda.

Wailesi ili ndi ubwino umodzi umene timauiwala. Nayo ili ndi mbali, tonse tikudziwa. Koma zimene Zodiak kapena MBC yanena m'nkhani za madzulo, mudzi wonse wamva zofanana, ndipo mawa mungatsutsane pa chinthu chimodzi. Wailesi siidziwa kuti akumvera ndi inu. Uthenga wa ndale wokonzedwera inu nokha pa foni palibe wachiwiri amene wauona kuti akuuzeni kuti ndi bodza.

Kusiyiratu

Ku America, ofufuza analipira anthu kuti atseke Facebook kwa masabata anayi chisankho cha November 2018 chisanachitike. Anthuwo anapeza pafupifupi ola limodzi patsiku, anasangalalako pang'ono, kuuma mtima pa ndale kunachepa, koma anadziwanso nkhani zochepa. Njira iyi ndi yokhayo yogwira mbali zonse ziwiri mwamphamvu, ndipo ndi yokwera mtengo kuposa zonse. Mayi wogulitsa kaunjika kapena makeke makasitomala ake ali pa Facebook ndi pa Status. Zotsatsa ntchito, mauthenga a maliro, ngakhale zidziwitso za kuzima kwa magetsi zimayambira kumeneko. Kuuza munthu wotere kuti asiye n'kumuuza kuti achoke pamsika chifukwa pali akuba. Chotheka ndi kusiya pang'ono: kuchotsa app imodzi imene imakudyerani nthawi popanda kukubweretsera kanthu, kapena kupuma sabata ya phokoso ngati ya chisankho.

Nanga lamulo?

Ku Ulaya lamulo loteteza zinsinsi za anthu linayamba kugwira ntchito mu May 2018, ndipo mu 2023 Meta inalipitsidwa mayuro 1.2 biliyoni ku Ireland. Nigeria nayo inalamula Meta kulipira madola 220 miliyoni mu 2024. South Africa ili ndi lamulo lake lotchedwa POPIA, Zambia inakhazikitsa lake mu 2021, ndipo la Malawi ndi la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA. Kunena zoona, sindiyembekezera kuti kampani ya ku California isintha makina ake chifukwa cha kalata yochokera ku Lilongwe. Kumene lamuloli lingalume msanga ndi pafupi: banki, chipatala, sukulu, kampani ya ngongole, ndi aliyense wotolera manambala athu n'kuwagawa. Amenewo tsopano mungawafunse kuti nambala yanu anaitenga kuti.

Mukandifunsa poyambira, ndinena kuti zoikamo za m'foni choyamba, kusankha nokha zoona chachiwiri, msakatuli ngati mumaugwiritsa ntchito, Signal kwa amene ntchito yawo ikufuna, VPN isungeni pambali, Incognito ya foni yobwerekana basi. Koma zonsezi zisanachitike, dzifunseni kuti akaunti ya Google ya m'foni mwanu anatsegula ndani. Ambiri anagula foni, n'kuipereka kwa mnyamata wa pa kauntala kuti "angoikonza zonse," ndipo imelo ndi pasiwedi anasankha yekha, mwina analemba pa kapepala kamene kanatayika tsiku lomwelo. Mu akaunti imeneyo muli zithunzi, manambala, maulendo ndi zosungidwa za WhatsApp. Sinthani pasiwediyo lero, muike nambala yanu yobwezeretsera akaunti, kenako muone pa mndandanda wa zida ngati pali foni ina yachilendo imene yalowamo.